Chibwenzi Changa Chinkandithamangitsira Makasitomala

Anzanga, nkhaniyi ndakhala ndikulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Lero ndingoinena.

Ine ndi mnyamatayu tinakumana kushopu kwanga komwe ndimasoka zovala. Anabwera ndi jekete loduka zipi, n'kundipeza mapini ali kukamwa, nsalu ikulendewera pa mashini, foni ikungolira.

"Sisi, foniyi ikuphani," anatero akuseka. "Bwanji ndikupepuzireni ntchito?"

Anali wa IT pa ofesi ina yapafupi. Ine ndinkangomutchula kuti Magalasi.

Anandiikira app yolumikiza zinthu za pa intaneti. Umangoipatsa lamulo: chakuti chikachitika, uchite chakuti. Ndikaika chithunzi cha diresi pa page imodzi, chinkapita chokha pa ma page anga onse. Munthu akafunsa ngati tatsegula, yankho linkapita ine ndili pa mashini. Tsiku lodzatenga chovala likayandikira, app inkakumbutsa mwini wake.

Ndinapuma, anzanga! Ndipo mtima unagwa...

Akaweruka ankakhala pa kampando pakona, ati akundithandiza kulowetsa ulusi mu singano, koma bowolo osaliona n'komwe. Tinkaseka mpaka nthiti kupweteka. Ma password onse ndinamupatsa. Ndikanabisiranji?

Kenako maoda a amuna anangoti zii. Masuti, malaya, mathalauza, palibe. Ndinasowa mtendere. Ndinkasula msoko wabwinobwino n'kusokanso, kumadzifunsa ngati dzanja langa lasintha. Ndinafika pomukwiyira telala mnzanga wa khomo loyandikana, kuganiza kuti akundiipitsira mbiri.

"Babe, osadandaula," Magalasi ankatero. "Madiresi okha akukwanira."

Tsiku lina alamu anga, amuna a achemwali, anatulukira nkhope itakwinyika.

"Mlamu, ndinakulakwirani chiyani? Suti ya pa ukwati wa mng'ono wanga mpaka ndikasoketse kwina, inu mulipo?"

"Mukunena chiyani, alamu?"

Anandionetsa foni yawo. Panali yankho lochokera ku page yanga: Pepani, tinasiya kusoka za amuna.

Mawu amenewo sindinawalembepo ine. Uthenga wa alamuwo sindinauonenso.

Nditatsegula app ija ndinapeza lamulo lomwe sindinkalidziwa. Uthenga ukakhala ndi mawu oti suti, malaya kapena thalauza, uyankhidwe choncho, ubisidwe kwa ine, kenako upite ku imelo ya Magalasi.

Ndinazungulira shopu ngati wamisala. Kukhala pansi, kudzuka, kusuzumira kumsewu. Magalasi atafika sindinamulonjere n'komwe, ndinangomuika foni m'manja.

"Tandiuza, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana pansi n'kukanda m'mutu.

"Iwe poyeza munthu umamugwira m'chiuno, pachifuwa... Ine mtima sunkakhala m'malo."

"Ndiye unaona kuti bola undiphere ntchito? Tepi yoyezera yasanduka chibwenzi?"

"Babe, ndimakukonda, n'chifukwa chake."

"Ndinkalira pamaso pako, iwe uli phee! Tuluka."

"Lamulolo ndilifufuta pompano, taona..."

"Ndati tuluka!"

Ma password ndinasintha tsiku lomwelo. Telala mnzanga uja ndinakamupepesa, manyazi ali tho. Panopa ndikulembera azibambo onse amene anabwezedwa, mmodzimmodzi. Ena akuyankha, ambiri akungowerenga n'kukhala chete.

Iye akuimbabe, ine sindikuyankha. Nthawi zina chala chimafuna, sindinama.

Koma anzanga, munthuyu ankakhala pomwepo, kundiyang'ana ndikudzikayikira, kundipukuta misozi ndi dzanja lake, pomwe chondiliza chili m'foni m'thumba mwake. Chimenecho n'chimene chikukana kundichoka mumtima.