Maginito a M'kabati ya Ahedi

Madamu a sayansi anaphunzitsa ana za maginito kwa zaka khumi ndi zinayi, koma maginito awo anali a choko. Ankajambula kabokosi pabolodi ndi timisomali tikuthamangira komweko, ana n'kumavomera mokweza zinthu zoti sanazionepo. Chowawitsa mtima n'chakuti maginito enieni analipo, bokosi lathunthu, m'kabati ya mu ofesi ya ahedi.

Chaka chilichonse madamu ankapita kukagogoda. "Bwana, ndibwerekeko awiri okha, ana agwireko ndi manja awo."

"Ana anuwo aononga, madamu. Nanga alendo akadzabwera tidzawaonetsa chiyani?"

Ankatuluka akukukuta mano. Munthu wamkulu ndithu, kumana ana chitsulo ngati akachidya!

Chaka chomaliza madamu asanapume pantchito, kunabwera bambo woyendera masukulu. Ahedi, amene fumbi la choko ankalithawa, analowa okha m'kalasi atafukata bokosi lija, mano onse ali pamtunda. Madamu anaiwala mkwiyo wa zaka zonsezo. Anauza ana kuti lero adzionera okha kuti aphunzitsi awo sanali kunama. Ana anaunjikana patebulo, ena kukwera pamadesiki.

Madamu anayandikiza maginito pamsomali. Msomali uli phee. Anatenga ena, kenako ena, onse odzaza dzimbiri. Zaka zonsezo atangounjikidwa m'kabati yotentha, mphamvu inali itatha kalekale.

Ahedi thukuta kamukamu, anadzitengera kalasi. "Ana inu, maginito amatani?"

"Amakoka chitsulo!" kalasi yonse inayankha pamodzi. Woyendera uja anagwedeza mutu mokhutira n'kuyamba kulemba.

Apa m'pamene madamu anapsa mtima kotheratu. Anamenya tebulo.

"Chete nonse! Za pabolodi ayi. Iwe uli kutsogolowe, waona chiyani ndi maso akowo?"

Mtsikanayo anayang'ana ahedi, kenako msomali. "Palibe, madamu. Sunasunthe."

"Wanena zoona, mwanawe. Tsegulani makope, lembani zomwezo."

"Madamu, mukudziwa kuti mukudzionongera nokha?" ahedi ananong'ona.

"Mwaononga ndinu, bwana. Ana angawa sanama chifukwa cha inu."

M'kalasi munangomveka mapensulo. Woyendera anafufuta zomwe analemba zija, ndipo lipoti lomaliza la uphunzitsi wa madamu linati analephera phunziro la maginito.