Phewa la Mayi a Mapasa

Mayi a mapasa anayamba kuluka tsitsi ali mtsikana. Saluni yawo inali kachipinda ka m'mphepete mwa msewu, kokhala ndi kalilore wong'aluka pakona, shelefu ya zipeso ndi meshi, ndi wailesi yosasa mawu. Kasitomala akachita tsinya, ankamuuza kuti tsitsi lomva kukoka ndilo limakhalitsa. Mikono yomweyo ndiyo inalera mapasa awo bambo awo atamwalira.

Kenako phewa lakumanja linayamba kukana. Poyamba linkangowawa akaweruka, koma patsogolo pake ngakhale chipeso chinkawalemera, ndipo makasitomala anayamba kuwolokera kusaluni ya tsidya lina. Mlamu wawo, wosoka nsapato pakhomo loyandikana, ankawanyogodola kuti phiko la nkhuku yokalamba saliwongola. Komabe ndi iyeyo amene anatseka ntchito n'kuwaperekeza kuchipatala.

Ku fiziyo, kumene amawongola minofu ndi mafupa, anapeza dokotala wachitsikana, wolankhula motsitsa. Iye anawakhazika kuseri kwa katani, n'kuwapaka mafuta ozizira paphewa. Atatero anatenga kachipangizo ka mutu wosalala, kolumikizidwa ndi chingwe ku makina, n'kumakayendetsa mozungulira pang'onopang'ono. Anafotokoza kuti kamatumiza mafunde osamveka ndi khutu, ofunditsa mnofu wamkati kuti ululu uchepe ndipo popwetekapo papole msanga. Anawauzanso kuti akamva kutentha kapena kuwawa anene.

Maulendo oyamba sanamve kanthu. Potuluka ankadandaulira mlamu wawo kuti akungotaya masiku a ntchito kukasisitidwa ndi chivindikiro cha botolo. Mankhwala osaluma iwo sankawakhulupirira. Ndiye tsiku lina kachipangizoko katadutsa pamwamba pa fupa, ululu unawalasa mkati, mtima wawo n'kukondwa kuti tsopano ntchito yayambika. Analuma mano, osatulutsa liwu.

Dokotalayo anaona zala zawo zakumapazi zitakanirira patapata. Anachotsa kachipangizoko nthawi yomweyo.

"Amayi, pakuwawa?"

"Pitirizani, mwanawe. Ndinabereka awiri tsiku limodzi ine."

"Kumeneko kupirira kunali ndi mphoto, amayi. Kuno mukandibisira, ndikupserezani mkati osadziwa, ndipo mkonowu sudzagwiranso tsitsi la munthu."

Nkhope ya mayi a mapasa inagwa. Chikhalire palibe amene anali atawakalipirapo chifukwa chopirira. Kenako analoza ndi chala pomwe pankawawa, n'kuululanso kuti ndi pomwepo pamene pamawalepheretsa kugonera mbali imeneyo.

Dokotalayo anatsitsa mphamvu ya makina, n'kuwapempha kuti amuonetse momwe amagwirira ntchito. Iwo anaimirira, zigongono zili m'mwamba ngati munthu woyanika zovala. Dokotalayo anawauza kuti makina okha sangalimbane ndi kaimidwe kameneko, ndipo anawaphunzitsa kukwera khoma ndi zala m'mawa uliwonse. Kunyumba mapasa aja ankafa nako kuseka, amvekere mayi awo asanduka nalimata.

Phewa silinabwerere mwakale, koma linavomera kunyamula chipeso. Mlamu uja anafupikitsa miyendo ya mpando wa makasitomala ndi sowo yobwereka, akudandaula kuti iye ndi wa nsapato, si kalipentala. Masiku ano mayi a mapasa amaluka atakhala, zigongono zili m'nthiti, mitu yocheperapo kusiyana ndi kale. Phewa likayamba kulankhula amasiya tsitsi lili theka, n'kuuza mwini wake kuti ayambe wawongola miyendo.