Dzina Langa Likwera Ndege, Ine Nditsala

Lachiwiri amayi anandituma ku depoti ya basi ku Monkey Bay kukachingamira msuweni wanga wa ku yunivesite. Pachipata anyamata a chipani anandifunsa khadi. Iye, poti anavala tayi, anangomupatsa moni. Sutikesi yake ndinasenza ndine.

"Asuweni, mwaikamo miyala umu?"

"Mabuku. Mwezi wamawa ndikupita ku Jeremani."

"Kukaphunzira udokotala?"

"Ayi, mneni mmodzi basi."

Mwamva? Mneni, kamawu kosonyeza ntchito kaja tinkaloweza m'kalasi!

Ananjuta n'kulemba pamchenga: *beraną. Akuti tanthauzo lake ndi kunyamula, penanso kubala mwana. Akuti ankatero makolo a Angerezi ndi Ajeremani asanabalalike. Palibe anawalemba mawuwa, palibe wamoyo anawamva. Ophunzira anangoyang'ana zidzukulu zake, bear wa Chingerezi ndi bairan wa Agoti, mtundu womwe unatha kalekale, n'kuona kuti nkhope n'zofanana, ndiye kholo liyenera kuti linalipo. Ponena zomwe zinachitika kale, mneniyu amasintha pamimba, ber n'kukhala bar. Kanyenyezi kali kutsogoloko akuti n'kuulula: sitinamuone, koma analipo.

Sindibisa, ndinachita nsanje. Ndipo musandiuze za kulimbikira.

M'kalasi ndinkamuposa. Iye analephera mayeso a Sitandade 8 kawiri. Ine bambo atamwalira ndinasiyira mu Sitandade 7 n'kukagwira nkhafi. Nonse mukudziwa kuti wobwereza sasankhidwa msanga ku sekondale, ndipo mukudziwanso zimene timachita. Amalume anabwera atakolekera nkhuku panjinga.

"Mphwanga, dzina lako likungogona m'kaundula wa sukulu. Mubwereke m'bale wako alembere mayeso."

Ndinavomera. Nkhuku tinadya tsiku lomwelo.

Chaka chino ndinapita kwa ahedi kuti ndiyambirenso sukulu. Anatsegula kaundula, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Dzina ili linakhoza kale. Nanga iwe ndiwe yani?"

Ndi angati m'maofesi a pa boma ku Mangochi akuyendera maina obwereka? Nanga eni ake ali kuti? Pitani ku Chembe kapena ku Lungwena, mukawapeza akusoka maukonde. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akulu. Koma mundege mpando ndi umodzi.

Kalata imodzi youlula za dzinali ku unduna wa maphunziro, ulendo wake watha. Ndinailemba Lachitatu, ndipo ndinamuonetsa. Anaiwerenga n'kundibwezera.

"Asuweni, mukatumiza, dzinalo lifa. Silibwerera kwa inu."

Kupsa mtima kwanga n'kwakuti ananena zoona. Kalata ija ndinakulungira usipa. Musati ndi chikondi ayi. Ndikungofuna chinthu changa chimodzi chikaone ku Ulaya.

Koma ndamulamula: tsiku limene adzasindikize buku la mneni wakeyo, pa dzinalo aikepo kanyenyezi kutsogolo. Mwini wake simunamuone, koma analipo.

Inu a mataye, dzina limene mumasainira m'mawa uliwonse, ndi la yani?