Mayina amene ndinakwecha pa kapu ya Bambo Gordon

Lachiwiri lapitali ndinachita chinthu chimene chikundisowetsa mtendere mpaka lero. Ndinatsuka kapu.

Musaseke. Inu amayi anzanga a ku Malawi amene mukusamalira okalamba muno mu Birmingham, ndani mwa inu angaone chiwiya chakuda bii n'kuchidutsa? Ife tinakulira mchenga ndi phulusa zili m'manja. Poto wosawala ankatukwanitsa amayi ako mudzi wonse.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Erdington kuli Bambo Gordon, a zaka 84. Kwawo ndi ku Canada. Anabwera kuno pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata wa zaka 19, msilikali woomba mizinga. Nkhondo itatha anakwatira mtsikana wa ku West Bromwich, osabwereranso kwawo. Makutu anawathera ku mizingako, moti polankhula nawo umachita kukuwa ngati ukuitana munthu kutsidya kwa dambo. Tsopano mutu nawo wayamba kutaya zinthu.

Pawindo la chipinda chawo pamakhala kapu yachitsulo, yofwanyika mbali imodzi, yakuda ngati yophikira pa mafuwa. Ine ku mbali ya nyumbayi kumene kuli chipinda chawo andisinthirako posachedwa. Tsiku lililonse ndikalowa, kapu ija inkandiyabwa m'maso. Mumtima ndinkati, azunguwa abale, munthu wamkulu chonchi kumusiyira uve pawindo?

Ndiye Lachiwiri atawatenga kukameta tsitsi, ndinatenga waya wokwechera mapoto. Ndinaikwecha mpaka thukuta. Inawala mbee! Ndinaibweza pawindo ndikudzitama kuti lero aona ntchito ya mwana wa ku Ntcheu.

Atabwera anaitola, n'kuitembenuza, n'kuitembenuzanso.

"Anyamata anga ali kuti?" anandifunsa.

Ine ndinaganiza kuti ndi mutu uja. Ndinawasisita paphewa n'kukuwa kuti, "Abwera Lamlungu, bambo!" Mawu amenewo ndikawakumbukira ndimafuna nthaka ing'ambike.

Masana kunabwera mwana wawo wamkazi, Sheila, yemwe naye ndi mayi wamkulu wa imvi. Ataona kapu ija anangokhala pabedi. Kenako anandifotokozera. Chakuda chija sichinali mwaye, chinali penti wa kunkhondo. Mu pentiyo munali mayina asanu ndi limodzi ozokotedwa ndi msomali, a anyamata amene ankagwira mzinga umodzi ku Italy. Chiyambire kuiwala, bambo ake m'mawa uliwonse ankatenga kapuyo n'kuwerenga mayinawo mokweza, kuti asawathawe.

"Nanga inu simunawalembe penapake?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero Sheila. "Ndinkangoti kapuyo idzakhalapo nthawi zonse."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ndinagwada pansi kupepesa monga timachitira kwathu, iye n'kudabwa, n'kumandikoka dzanja kuti ndidzuke, ati pansipo m'pozizira.

Lachitatu pa nthawi ya tiyi ndinakhala nawo ndi kope. Ndinawapempha anditchulire mayina aja. Anayang'ana kudenga, koma sanakumbukire ngakhale limodzi. Anakana tiyi, ndipo tsiku lonse ankangoyendayenda m'khonde ndi ndodo yawo, kapu ili m'manja.

Lachinayi ndinasiya za mayina. Ndinangowafunsa kuti, "Kodi pa mzingapo inu munkaima pati?"

Abale inu! Munthu amene timachita kumudzutsa awiri anaimirira yekha. Anakoka kangolo kathu koperekera tiyi n'kukaika pakati pa chipinda, ati kameneko ndiko mzinga. "Ine pano, ndimalowetsa chipolopolo. Kumbuyo kwanga sajeni, Doug. Pampando apo wolunjikitsa mzinga, Pierre. Uko Alec. Uko Tom wamtali uja." Ine cholembera chili liwiro. Ndi lawo lomwe, mayina anakwana asanu.

Kenako analoza pafupi ndi chitseko, dzanja n'kuima m'malere.

"Uyu," anatero. "Ankatipatsira zipolopolo. Ankaimba mluzu ngakhale kukuphulika. Tinamuika m'matope pafupi ndi mtsinje. Analibe mkazi, analibe mwana. Womudziwa ndatsala ndekha."

Ndinadikira. Dzina silinabwere. Mpaka lero silinabwere.

Ndiye ndikubwerera pa basi tsiku limenelo, amene anandidzera m'mutu ndi agogo anga aamuna. Nawonso anapita ku nkhondo yomweyo, ku Burma. Ankati akamwa kachasu n'kuyamba kuguba pabwalo, ife ana tinkafa nacho chiseko. Akatchula mayina achilendo, azakhali ankati, "Asiyeni, yawayamba." Pakhoma panali chithunzi chawo ali ndi anzawo atatu atavala yunifomu. Galasi lake ndinkalipukuta ine Loweruka lililonse, linkawala bwino zedi. Amuna atatuwo sindikudziwa dzina la mmodzi yemwe, ndipo agogo tinawaika kalekale.

Nanga ndikanafunsa bwanji? Kwathu mwana wofunsafunsa akuluakulu amati ndi wamwano. Tinaphunzitsidwa kugwada, kuthira madzi osamba, kuchapa, kusita, kukwecha. Ulemu wathu wonse uli m'manja. Ndipo azungu kuno amatiyamikira chifukwa cha zomwezo, ati Amalawi amasamala. Zoonadi timasamala. Timasambitsa munthu chaka chathunthu, timadziwa chilonda chilichonse pathupi lake, osadziwa kuti anali ndani asanafike pabedi limenelo.

Kodi kufunsa kuti "Kapu iyi ndi ya chiyani?" kukananditengera mphindi zingati? Nthawi yokwecha ndinaipeza.

Ndipo musati ndi vuto la kuntchito kokha. Timaimba foni kumudzi, khadi ikutha, tikufunsa za mvula, za feteleza, za amene wadwala. Mayi akayamba za makedzana timati, "Amayi, mayunitsi akutha." Ana athu obadwira kuno, amene ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi, tidzawauza chiyani akadzafunsa? Inuyo, amene ali pa chithunzi chakale chimene chili m'sutukesi mwanu mungawatchule onse?

Sheila wati alembera makalata ku Canada, mwina kumaofesi a asilikali akale dzinalo likapezeka. Mwina. Koma amati zimatenga miyezi, ndipo Bambo Gordon sabata iliyonse akutaya kenakake.

Mayina asanu aja ndawalemba ndi zilembo zikuluzikulu n'kuwamata pawindo. Pansi pake ndasiya mzere wopanda kanthu. M'mawa uno ndinawapeza atagwira kapu ija, akuyang'ana nkhope yawo m'chitsulo chowalacho. Anawerenga asanu aja bwinobwino. Atafika pa mzere uja anayamba kuimba mluzu, kanyimbo kakafupi, kobwerezabwereza.

Ndakhala ndikukaimba tsiku lonse, m'khonde, pa basi, pophika. Nyimbo ya mnyamata uja ndaigwira. Dzina lake ndinalikwecha ndi manja angawa.