Mzinda Umene a Pasipoti Sanauone

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Pasipoti, ndipo dzinali amaliyankha msanga kuposa lawo lenileni. Ali mnyamata anakagwira ntchito kutsidya kwa nyanja, mumzinda wotchuka uja wa nsanja yaitali ndi milatho yamiyala. Atabwerako anatsegula kashopu kochapa ndi kusita zovala. Ine ndimapinda zovala mmenemo, choncho nkhani zawo ndazimva mpaka makutu kuwawa.

Munthu akangobweretsa jekete, nkhani imayambika. Simbi ili m'manja, amafotokoza momwe mphepo imawombera pamwamba pa nsanja, nyumba yachifumu ya zitseko zagolide, mabwato odutsa pansi pa milatho. Makasitomala amaiwala n'zimene abwerera.

Koma ine ndinkadziwa kumene zonsezi zimachokera. Pansi pa tebulo lositira panali buku lakale lolangiza alendo malo oti akaone, logulidwa kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu. Kunjako alamu ankachapa nsalu za pabedi m'chipinda chapansi pa hotelo, chopanda ngakhale zenera. Tsiku lopuma ankagona ngati chipika, poopanso apolisi chifukwa mapepala awo anali atatha. Mchemwali wanga, mkazi wawo, anandinong'oneza zimenezi asanamwalire, ine n'kutseka pakamwa.

Tsono mwana wawo wamkazi, namwino, anasankhidwa kukachita maphunziro kumzinda womwewo. Anafika kushopu masana ena akusekerera.

“Bambo, mundilembere malo onse amene munkapitako. Ndikufuna ndikajambulitse pamene inu munaima.”

“Ndilemba mawa,” anatero alamu.

Mawa linafika, n'kudutsa, linanso n'kudutsa. Nkhani za nsanja zinatha zii. Munthu amene sanawotchepo nsalu chiyambire anawotcha kolala ya malaya a mphunzitsi wina. Ndinawamvera chisoni, komanso anandikwiyitsa. Bambo wamkulu, imvi mbuu, kumaopa mwana wobereka yekha! Ndinawauza kuti manyazi anapha lambe, koma iwo anangondiyang'ana ngati ndawaponda chilonda.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, namwino uja anabweranso ndi cholembera. Alamu anaimika simbi, natulutsa buku lija, n'kuliika patebulo.

“Mwanawe, ine nsanja ija sindinakwerepo. Kuiona ndinaiona kamodzi, pawindo la basi, tsiku lobwerera kwathu. Zonse zimene ndimakamba zili umu.”

Ine ndinayang'ana pansi, n'kumapinda thaulo lopindapinda kale. Manyazi awo anandigwira ngati wanama ndine.

“Ndimadziwa, bambo,” anatero mwanayo motsitsa mawu. “Bukuli ndinaliwerenga lonse ndili ku pulayimale. Mumanena mawu ake ndendende.”

Apa ndiye alamu anakhala pa mtolo wa zovala zakuda, kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi mwanayu ankakhala kutsogolo pomvera nkhanizo, kufunsa mafunso, kuseka pamene pafunika kuseka, uku akudziwa tsamba limene bambo ake afikapo.

“Nanga bwanji sunanene?”

“Munkaoneka osangalala. Ndiye mundilemberabe, bambo. Hotelo ija ili mumsewu uti? Munkalowera khomo liti?”

“Lakuseri. Kumene amataya zinyalala. Kulibe choti ukaone kumeneko.”

“Lembani.”

Alamu anatenga cholembera, najambula msewu, kenaka kanjira kopapatiza, kenaka masitepe otsikira pansi. Ankafotokoza pang'onopang'ono, akudodoma ngati mwana wongoyamba kuwerenga: fungo la sopo, nthunzi yotentha kumaso, mnzawo wina amene ankaimba akamakolopa. M'zaka zonse zimene ndagwira ntchito m'shopu muja, nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Anaikamba yonse osadzutsa mutu, ndipo mwana wawo sanaseke ngakhale kamodzi.