Nyimbo Yanu Yomaliza, Amalume

Amalume, lero chakwana chaka chichokereni inu. M'mawa uno ndili pa kabaza kupita ku yunivesite, ndinangozindikira ndikuimba nyimbo yanu chamumtima, ndipo ndinakumbuka masana aja kwanu ku Zolozolo. Matenda a pakhosi anali atakulandani mawu, inu amene munatsogolera kwaya moyo wanu wonse, ndipo munkadandaula kuti nyimbo yomaliza imene munapeka simudzaimva ikuimbidwa. Ine ndinabwera ndi laputopu, nditangophunzira kumene kuimbitsa kompyuta, ndipo ndinali nditalowetsamo nyimbo yanuyo kuti kompyutayo ikuimbireni. Nditayatsa, piyano inameza mawu onse. Inu munayamba kutsitsa dzanja pang'onopang'ono monga munkachitira pamaso pa kwaya, ine n'kumachepetsa piyano mpaka liwu lililonse linamveka. Kenako munandinong'oneza kuti, "Iwe, woimba wakoyu sapuma? Akomokatu ameneyu." Tinaseka mpaka munatsokomola. Ndinadula mizere ya nyimboyo, n'kusiya mipata pamene munthu angakokere mpweya, n'kuwonjezera kaeko pang'ono, kaja komveka ngati mawu akubwerera, kuti mawu ndi piyano zimveke ngati zili m'chipinda chimodzi. Munamvetsera mutatsinzina, misozi ikutsika. Itatha munandigwira dzanja n'kundithokoza kuti, "Yewo chomene, mwana wanga."

Ndikuuzeni nkhani yabwino. Kwaya yanu yaphunzira nyimboyo pomvetsera zimene tinakonza tsiku lija, ndipo Lamulungu likubwerali idzaimbidwa m'tchalitchi koyamba. Amayi, mlongo wanu, akuti adzalawirira kuti akapeze malo kutsogolo. Gonani mumtendere amalume, nyimbo yanu yapeza anthu oyiimba.