Nkhupakupa, Mabuluberi ndi Nkhope Yanga

Chizindikiro choyamba chinali banga kumbuyo kwa bondo lamanzere. Ndinaliona posamba kumapeto kwa Ogasiti chaka chatha: lozungulira, loderako kuposa khungu langa, lofunda koma losayabwa kwenikweni. Ndinati ndi chipere, ndinapaka mafuta, basi.

Chapakati pa mwezi womwewo ife amayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Bradford tinali titapita kokayenda kumapiri a kunja kwa mzinda, kumene kumamera mabuluberi am'tchire, tizipatso takuda tonga nthudza zazing'ono. Ine ndinavala siketi ndi chitenje, miyendo ili pamtunda, poti thalauza sindinavalepo chibadwire ndipo sindinkafuna kukayambira kwa eni. Ndinagwada m'zitsamba tsiku lonse ndikutchola. Madzulo ndinapeza kankhupakupa konga njere ya mpiru katakakamira kumbuyo kwa bondo. Ndinakazula ndi zikhadabo n'kuseka. Kwathu ku Ntcheu nkhupakupa ndi za agalu ndi ng'ombe, ndani anadwalapo nazo?

Mu Seputembala thupi linayamba kutentha, kuzizidwa, mutu, mfundo zonse kuphwanya. Mmalawi aliyense dzina la matenda amenewo amalidziwa. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa mankhwala a malungo amene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi n'kumwa onse. Sindinadzifunse kuti udzudzu wa malungo kuno ku Yorkshire wachokera kuti. Kujomba nako sindinafune. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo viza yanga inamangidwa pa ntchito imeneyo. Itati yatha, ine, amuna anga ndi mwana wathu Tadala tonse tilongedza. Choncho ndinkamwa panado, kukwera basi, kukanyamula agogo a eni ine mwini ndikunjenjemera.

M'mawa wina mu Okutobala ndikutsuka m'kamwa, madzi anangotuluka okha mbali ya kumanja. Pagalasi ndinaona nkhope yachilendo: mlomo wagwa, diso lamanja silikutsinzina. Kuntchito ndinapitabe, mutu wanga ndi wouma. Kumeneko kuli agogo ena, a Margaret, amene matenda oiwalaiwala anawalanda mayina onse. Ine amandidziwira kumwetulira kokha, ndipo wina akawadyetsa amavuta. Tsiku limenelo nditawamwetulira anakuwa n'kubisa nkhope m'bulangete. Zinandipweteka kuposa mfundo zonse pamodzi. Abwana anandibweza, amuna anga anabwera kudzanditenga.

"Amayi a Tadala, udokotala wa m'sutikesi watha lero. Tikupita kuchipatala, ku A&E, no discussion," anatero.

Kuchipatala, poopa sitiroko, anandiona msanga n'kundijambula m'mutu. Zitadziwika kuti si sitiroko ndinabwerera pamipando yapulasitiki, kudikira ndi anzanga mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala wina wachitsikana anandifunsa ngati ndinayendako m'tchire. Nditamuonetsa banga lija, lomwe tsopano linali litakula ngati sosala, analiunika ndi tochi.

"Pa khungu loyera limafiira, limaoneka msanga. Pa lanu limabisala," anatero. "Awa ndi matenda a Lyme, amabwera ndi nkhupakupa. Mukanabwera banga litangotuluka, mwina sakanafika ku mitsempha ya nkhope."

Ananditenga magazi, anandipatsa mapilisi opha tizilombo oti ndimwe masabata atatu, madontho a m'diso ndi tepi yomatira diso pogona.

Mapilisiwo ankandichititsa nseru. Kutafuna kunali mbali imodzi, ndipo ndinayamba kuonda. Apa ndi pamene mabuluberi anandilondola kunyumba. Pa gulu lathu la amayi la pafoni wina anatumiza uthenga wakuti zipatso zimenezi zimachiza Lyme, mapilisi ndi kungotaya nthawi. Amayi anzanga anayamba kundibweretsera timabokosi ta zipatsozo. Ine ndinkati ndikationa mtima kuwawa: si zomwezi zinandigwaditsa m'tchire muja? Koma safunsa anadya phula, ndipo ine phula ndinali nditadya kale lokwanira. Nditapita kukaonedwanso ndinafunsa nesi.

"Tizilombo ta Lyme timafa ndi mapilisi, osati zipatso. Musadumphitse ngakhale limodzi," anatero. "Koma thupi lanu lili pankhondo ndipo simukudya. Mabuluberi ali ndi vitamini C, amathandiza m'mimba kuyenda bwino, komanso ali ndi zinthu zoteteza thupi likamalimbana ndi kutupa. Gulani oumitsidwa mufiriji, amatchipa ndipo ubwino wake ndi womwewo."

Ndinakhululukira zipatsozo. M'mawa uliwonse ndinkathira mabuluberi odzaza dzanja mu phala la oats lophika ndi madzi. Ndi ofewa, savuta kutafuna, ndipo kuwawasa kwake kunkachepetsa nseru. Chinali chakudya choyamba kukhazikika m'mimba mwanga. Vuto linali limodzi: madzi ake akuda ankadontha mbali yofooka ija n'kuthimbiriritsa kansalu koyera kamene ndinkayala pachifuwa. Poyamba ndinkalira nako. Kenako ndinaganiza zokasandutsa sikelo yanga. Ndikatha kudya ndinkakayang'ana, kenako n'kuima pagalasi kuchita zimene anandiphunzitsa kuchipatala: kukweza nsidze, kutukumula masaya, kuyesa kuimba mluzu. Mluzu sunkamveka, koma sindinasiye.

Mapilisi ndinamaliza onse. Kutentha thupi kunatha, mfundo zinayamba kumasuka, nkhope yokha ndiyo inkachedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Novembala madontho pakansalu anayamba kuchepa. Diso linayamba kutsinzina lokha, tepi ndinataya. M'mawa wina kumayambiriro kwa Disembala ndinamaliza mbale yonse, kansalu kali mbee. Ndinakaonetsa amuna anga ngati satifiketi.

Kuntchito ndinabwerera mwezi womwewo, malo anga anali atandisungira chifukwa cha kalata ya dokotala, yomwe ndikanaipeza kalekale ndikanapanda mantha. Mayeso enieni anali m'chipinda cha agogo a Margaret. Ndinalowa ndi mbale ya phala. Ndinakhala pambali pawo, ndinamwetulira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa kudikira supuni.

Lero ndili bwino. Bondo limandikumbutsabe kukazizira, ndipo ndimatopa msanga kusiyana ndi kale, koma mashifiti anga ndimagwira onse. Mabuluberi ndimadyabe, podziwa kuti ndi chakudya chondipatsa mphamvu, osati mankhwala. Ogasiti wa chaka chino ndinabwereranso kumapiri kuja kukatchola, nditavala thalauza n'kuilowetsa m'masokosi. Amayi anzanga anaseka mpaka misozi, koma pobwerera aliyense anadziunika thupi lonse.

Abale anga a ku Wakefield, ku Middlesbrough ndi konse kumene muli, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhupakupa ya kuno si ya agalu okha, ndipo kutentha thupi kulikonse si malungo. Mukaona banga lachilendo, tsekani sutikesi, pitani kuchipatala. Pitani likadali banga kumbuyo kwa bondo, lisanakwere kumaso n'kukusandutsani mlendo kwa anthu amene amakudziwirani kumwetulira.